Chala Chopanda Mphete

Nyali yofiira ya pamwamba pa chitseko cha labotale inali chiyakire, kuletsa aliyense kulowa. Mayi a mwana anasuzumira pa kawindo kakuda, khanda lili kumsana.

M'katimo lawi la buluu linaima njo pa kachitsulo. Kuwala kwa makina a leza, kowonda ngati ulusi, kunkaboola lawilo pakati. Mwamuna wake anamufotokozerapo kale kuti ukapisa chipangizo m'moto umausokoneza, koma leza imayeza kutentha osaukhudza.

Koma lero sanadzere za moto ayi. Anadzera mkazi wamtali wogwira ntchito ndi bamboyo uja, amene panthawiyi anali atagwira dzanja la mwamuna wake pa batani, akumunong'oneza kukhutu.

Masabata atatu tsopano bamboyo osavala mphete yaukwati. Dzana anamudutsa pageti ngati akudutsa mtengo. Akamalankhula naye amayang'ana cham'mbali ngati wakuba. Mwana yemwe ankamuyang'anitsitsa mpaka chakudya kuzizira, masiku ano amangomusisita kumaso basi. Diso lamanzere la bamboyo n'lofooka chibadwire, inde, nanga lamanja lija linamusankha iye pakati pa atsikana khumi lapita kwa yani?

Nyali itangozima, anakankha chitseko.

"Pitirizani, musandione ine! Wa pachitsulowo mwayeza, nanga moto wa awirinu wafika madigiri angati?"

Bamboyo anatembenuka, maso n'kumuphonya.

"Mayi a mwana, khala kaye pansi."

"Ndikhale pansi pamaliro pano? Mphete ndinakuvekani ija ili kuti? M'chikwama mwa awa?"

Mkazi wamtali uja anavula magalasi otetezera maso.

"Achimwene, mpaka lero simunawauze?" Kenako anayang'ana mayiyo. "Mayi, ine ndimangowawerengera manambala ndi kuwalozera mabatani. Muno tisanayatse leza timavula wotchi, ndolo, mphete, chilichonse chonyezimira. Tonse timavula. Awa okha ankakana, ati anandiveka mkazi wanga, adzandivula yekha."

Anatsegula kabati n'kutulutsa mpheteyo, yokulungidwa m'kapepala.

"Tsiku lina, masabata atatu apitawo, anakweza magalasi pang'ono kuti awongole kalilole. Kuwala kunagunda mpheteyi n'kubwerera m'diso lamanja."

Bamboyo anatambasula dzanja, kufufuza mpaka anapeza tsaya la mkazi wake.

"Ndikakuyang'ana cham'mbali m'pamene ndimakuona pang'ono," anatero. "Ndikakuyang'ana maso ndi maso, pamene pali nkhope yako pali bii."