Mitengo ya Jairos yosanduka dizilo

Panali munthu wina ku Jumbe, dzina lake Jairos. Izi zinachitikadi, mu 1995. Tsiku limene kunabwera mlendo wovala tayi ndi mbande za lukina, analipo Jairos, mkazi wake Ennie ndi mlamu wake Japhet. Amene sanalipo ndi a Wiseman, eni lole, okhawo odziwa dizilo amene msewu wa ku Chipata umadya.

Mlendo anati, "Mitengo iyi zaka zitatu yakula. Kampani yathu ku Chipata imaiphika n'kutulutsa mafuta a galimoto. Tani imodzi K25,000."

"Mafutawo ali pati, m'masamba kapena m'khungwa?" anafunsa Japhet.

"Ndi sayansi, akulu."

Onse anavomera ndi mutu, koma panalibe amene anamva.

Ennie anati, "Atate a Felister, yambani mwafunsa a Wiseman."

"Amake Felister, a Wiseman anaphunzira sayansi?"

Jairos anasiya thonje, anakongola K40,000 kwa Japhet yogulira mbande, munda wonse mitengo yokhayokha. Mu 1998 anadula, n'kuyeza mtolo ndi mtolo pa sikelo ya thonje: matani khumi. Mumtima anati K250,000, njinga anaisankhiratu.

A Wiseman anati lole ndi K180,000, kulipira katundu akagulidwa. Koma lole inali kukoka thonje la anthu, ndiye mitengo inakhala padzuwa miyezi iwiri. Jairos atafika nayo ku Chipata, sikelo ya kampani inati matani asanu.

"Asanu enawo waba ndani? Panjira sipanagwe mtolo!"

Kalaliki wa kampaniyo anati, "Munayeza yaiwisi, bambo. Anali madzi. Ife madzi sitigula."

"Nanga mafuta aja, nawonso auma?"

Kalaliki anangomupatsa K125,000. A Wiseman anailandira yonse pageti pomwepo. Jairos anabwerera pa lole yomweyo, akuwerengabe zala, osamvetsa kuti wagulitsa bwanji katundu n'kutsala ndi ngongole.

Zotsala mpaka lero ndi izi. A Wiseman, K55,000. Japhet, K40,000, ndipo alamuwo sapatsananso moni. Apongozi, matumba asanu ndi limodzi a chimanga chimene banja linadya podikira mitengo, silinabwezedwe ndi limodzi lomwe.

Phunziro: Munthu akakuuzani ndalama ya pa tani, mufunseni kuti sikelo ndi ya ndani, katundu ayezedwa wouma kapena wamuwisi, ndipo lole alipira ndani. Chimene simunamve, musavomere ndi mutu. Tumizani nkhaniyi kwa abale anu asanazule thonje lawo.