Tenga Yawailesiyo

Winston, mng'ono wanga, anayala kabuku ka zithunzi za galimoto pachishalo cha njinga yanga, pa Chitakale. Kuthyola tiyi ndinamuphunzitsa ndine, koma lero ali ndi magolosale awiri.

"Achimwene, ndisankhireni. Zonsezi n'zadizilo, injini ndi imodzimodzi. Iyi mipando yake ndi yapulasitiki. Koma iyi ndi yansalu yofewa, ili ndi wailesi, denga lake limatseguka."

Ndinayang'ana chala chimene amalozera, chosalala bwino. Zanga zinada kalekale ndi masamba a tiyi. M'maganizo ndinaona Emma, amene anakana ine n'kulola iye, atatsamira pansalu yofewayo, duku likupepeluka ndi mphepo.

Tsidya la msewu panali pataima galimoto ya atcheyamani a Chipani. Mtundu womwewo, koma yamipando yapulasitiki, yopanda wailesi. Winston anali ataifulatira. Iye kumisonkhano ya Chipani amakhala kumbuyo. Ine ndimakhala kutsogolo, ndipo ndimadziwa diso limene bambowa amamuyang'ana nalo munthu wowaposa. Mphunzitsi wina anawapitirira pamsewu ndi mthuthuthu watsopano. Mphunzitsiyo anatengedwa, ndipo chaka chachitatu chino mkazi wake akulima yekha.

"Bwanji achimwene, nditenge iti?"

Mwana ameneyu ndinkamubereka kumsana powoloka mtsinje wa Likhubula.

"Tenga yawailesiyo," ndinatero. "Wavutikira wekha. Anthu akuone."

Anandigwira dzanja ndi manja onse awiri, maso ali ndi misozi.

"Ndimadziwa, achimwene. M'mudzi monse muja, inu nokha ndi amene simundichitira nsanje."