Feteleza wa a Makina m'thanki ya nsomba

Panali munthu wina ku Phalombe, bambo Lingson Makina, amene ankasamalira maluwa pa kachipatala kena ka mishoni kufupi ndi Jenala. Akuti izi zinachitikadi cha m'ma 2004, ndipo ndikuzilemba monga momwe akazi awo, mayi Alesi, anatifotokozera titatuluka m'mapemphero a amayi.

M'chipinda chodikirira ana munali thanki yagalasi ya madzi amchere. Anaisiya dokotala wina pobwerera kwawo, m'manja mwa namwino wochokera ku Karonga, Sisitere Lusayo. Munali tinsomba tinayi tamawangamawanga ndi makorale, tinyama ta m'nyanja tomera pamiyala ngati maluwa. Amayi ankabwera ndi ana ngakhale osadwala kudzangoona.

Tsiku lina Sisitere anaitanidwa ku maphunziro a masabata awiri ku Blantyre. Anaitana a Makina n'kuwaonetsa kathumba kamene kanali m'sefa, pomwe madzi amadutsa.

"Bambo Makina, timiyala tofiira tili m'kathumbamu timayamwa fosifeti m'madzi. Fosifeti akachuluka, ndere zimamera n'kuphimba makorale. Kathumbaka musakachotse. Inu muzingodyetsa nsomba pang'ono m'mawa, basi."

"Fosifeti yemwe uja ali mu feteleza wokulitsa?"

"Yemweyo."

A Makina anavomera ndi mutu, koma mtima unakana. Iwo anali mlimi woti anthu ankaima pamsewu kuyang'ana chimanga chawo. Atafika kunyumba anati, "Mayi, munamvapo munthu akuchotsa feteleza m'munda? Maluwa a m'thanki aja chaka chonse sanakule ngakhale chala chimodzi. Ali ndi njala."

"Abambo, mwauzidwa kuti mudyetse nsomba. Za maluwa wakufunsani ndani?"

"Sisitere anaphunzira za jekeseni. Zomera ndi mbali yanga. Akamabwera adzapeza zitadzaza thanki, adzandigwira chanza."

M'mawa mwake anachotsa kathumba kaja n'kukakoleka pamsomali. Kenako anayeza feteleza theka la kachitsekero ka botolo, monga amachitira paphando limodzi, n'kuthira m'madzimo.

Tsiku lachitatu miyala inayamba kubiriwira. A Makina anafika kunyumba akuimba nyimbo ya kwaya. "Zaphuka, mayi! Ndinanena ine!"

Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri, galasi lonse linali bii ngati thamanda. Ndere zinalendewera ngati ubweya, makorale anafota, ndipo nsomba zinali pamwamba zikupuma movutika. Mayi wina amene anabwera kusikelo anasuzumira n'kufunsa, "Kodi nsomba zija munadyera ndiwo?"

A Makina anapukuta galasi, mawa lake ndere zinabwerera. Anayamba kulingalira zonena: mwina kutentha, mwina pampu inaima yokha.

Mayi Alesi anawakhazika pansi. "Bodza silichiritsa nsomba, abambo. Tiyeni tipemphere, kenako mukaimbe foni."

Anapempheradi. A Makina anapita ku ofesi ya mishoni n'kuimba ku Blantyre, chipewa chili m'manja ngakhale kuti Sisitere sankawaona.

"Sisitere, ndalakwa. Kathumba ndinachotsa. Ndinathiranso wokulitsa."

Sisitere anafunsa, "Nsomba zili moyo?"

"Zonse zinayi, koma zikuvutika."

"Nanga wobereketsa, mwathiranso?"

"Ayi, Sisitere. Ndimadikira kuti zifike m'mawondo."

Akuti Sisitere anaseka mpaka anzawo a m'kalasi anatuluka kudzaona. Atapuma anati, "Mwachita bwino kunena lero, chifukwa sabata yamawa mukanandiuza za maliro. Tsopano mverani, ndipo musawonjezere nzeru zanu."

Anawauza zonse mwadongosolo. Tsiku lililonse achotse ndowa ziwiri za madzi oipawo, abwezere madzi amvula osakaniza ndi mchere wa m'chigubu cha m'kabati, osati wakukhitchini. Atenge timiyala tatsopano m'kabati momwemo, atitsuke mpaka madzi otsukira ayere, aike theka la kathumba kaye, theka lina pakapita masiku anayi, chifukwa fosifeti akachoka mwadzidzidzi makorale amavutikanso.

A Makina anabwereza mawuwo katatu kuti asaiwale. Mayi Alesi anabwera ndi mswachi watsopano n'kumakwecha miyala umodziumodzi. Amayi akusikelo atamva, ankapereka ndowa mogwirizana kuchokera pathanki ya madzi amvula, akuimba ndi kuseka.

Sisitere atabwera anapeza madzi ayamba kuyera. Korale mmodzi anali atafa, wayera mbuu, ndipo a Makina anawaonetsa okha osadikira kufunsidwa. Enawo patapita mwezi anatambasukanso. Nsomba zonse zinayi zinapulumuka, Mulungu ndi wabwino.

Tsiku lomwe galasi linayera ngee, amayi anadzaza chipinda chija. Mmodzi anafuula, "A Makina, munda wanu wa m'madzi uja mwakolola matumba angati?"

A Makina anavula chipewa. "Amayi, ndakolola manyazi odzaza ngolo. Koma werengani nsombazo, palibe yasowa."

Anawerenga onse mokweza, ndipo atafika pa yachinayi nthungululu inamveka mpaka kumsewu.

Phunziro: Abale, luso limene Mulungu anakupatsani pa ntchito yanu ndi labwino, koma silikwanira paliponse. Mwini chinthu akakusiyirani malangizo, atsateni, ndipo ngati simukumvetsa chifukwa chake funsani asananyamuke. Mukalakwitsa nenani msanga, zinthu zikadali zotheka kukonza. Chonde musaisunge nokha nkhaniyi; tumizirani abale, anzanu akuntchito ndi a mumpingo mwanu, makamaka amene asiyiridwa chinthu cha wina kuti asamalire. Ambuye akudalitseni.