Kuthyolera Awiri

Ena onse anali atasenza madengu kupita kusikelo, koma Idah anatsala m'munda ndi amuna ake, a Bizwick, manja ali yakaliyakali m'tiyi. Ankathyolera awiri. Dzanja loyamba ankaponya m'dengu lake, lachiwiri m'dengu la a Bizwick. Nyumba ya esiteti imayendera ntchito, ndipo yawoyo inali m'dzina la bamboyo. Akuluakulu akangodziwa kuti mutu wa a Bizwick sukugwira, ntchito yatha, katundu panja. Kwawo ku Khwethemule analibe ngakhale malo oimikapo khola la nkhuku.

Zinayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina mchere unapezeka mu nsapato, a Bizwick n'kukanitsitsa kuti si iwo. Kenako anayamba kubisa machesi ndi mpeni. Anatenga mwana wawo Joy n'kukamusiya kwa agogo ake, pobwera n'kumati anagwirizana ndi Idah, nkhani imene Idah sanaimvepo chibadwire. Mwamuna amene kale sankadziwa pokhala mthiko tsopano ankalimbirana naye mphika. Ankamutsatira ngati mwana, kumjigo, kutchalitchi, mpaka pakhomo pa chimbudzi.

Kuchipatala anapita limodzi, ndipo onse awiri anawatenga magazi. Adokotala analankhula maso ali pa a Bizwick. Anati kachilombo ka Edzi kalipo, ndipo chindoko chakalekale, chimene chinazilala chokha popanda mankhwala, chapezerapo mpata n'kukwera ku ubongo. Jakisoni akhoza kuchiimitsa, koma chimene chawonongeka m'mutu sichibwerera. Mankhwala otalikitsa moyo, chaka chimenecho cha 2002, anthu a m'makompaundi ankangowamvera pawailesi. A Bizwick analira pamaso pa anthu, bambo wamkulu ndithu. Idah sanalire. Anabayitsa jakisoni wake, poti paja mkazi wa wodwala amalandira nawo, n'kuwagwira dzanja amuna ake ulendo wa kunyumba.

Mkwiyo anali nawo, tisaname. Matenda otere munthu satola m'munda wa tiyi. Koma akawaona mmene awondera, kolala ya malaya ikulendewera, chisoni chinkamugwira. Nayenso thupi linali litayamba kudandaula. Miyendo inkamulasa ngati singano, poyenda ankamva ngati akuponda thonje. Sanadabwe nazo. Ndani sangatope akugwira ntchito ya anthu awiri m'mame a ku Thyolo?

Tsiku limeneli zinthu zinali zitanyanya. Chilichonse chimene Idah ankaponya m'dengu, a Bizwick ankachichotsa n'kuchikankhira pansi pa mitengo ya tiyi, akucheuka uku ndi uku ngati wakuba.

"Bambo a Joy, mukutaya thukuta langa," ananong'ona Idah. "Tasiyani."

"Pumulani, mayi a Joy. Khalani pansi pang'ono."

Ndi mmene ankayankhira masiku amenewo, funso kwina, yankho kwina.

Apo n'kuti a Reinford, kapitawo wa chigawocho, akutsika m'kanjira ndi ndodo yawo. Idah anachita mantha. Anaima kutsogolo kwa amuna ake kuti awaphimbe, n'kuyesa kumwetulira.

"Mwaswera bwanji, a kapitawo? Ife tikungomalizitsa mzerewu. Bambowa ali bwinobwino, ndi kutopa chabe."

A Reinford anamuyankha mwaulemu, kenako anapisa dzanja m'dengu la a Bizwick. Anatulutsa chisoso, udzu, ndi masamba okhwima amene fakitale singalandire ngakhale aulere. Idah anachita manyazi. Ndiye kuti nthawi yonseyi, iye akudzipha ndi nsonga zanthete, amuna ake ankazula udzu.

"A Bizwick, ndakubisirani mokwanira," anatero a Reinford motsitsa mawu. "Dzulo kusikelo a manijala anaziona okha zimenezi. Akuti mwezi ukatha mupereke makiyi."

Idah anagwada m'matope momwemo.

"Chonde bwana, tilibe kopita. Ndiziwayang'anira ine. Sadzathyolanso udzu."

A Reinford anayang'ana kumbali, akukanda pansi ndi ndodo.

"Ndinakuuzani, achimwene, kuti muziwasiya kunyumba," anatero a Reinford kwa a Bizwick.

"Ndiwasiye ndi ndani?" anafunsa a Bizwick. "Ndinawasiya kamodzi, anakapezeka pamsika wa Makwasa opanda nsapato, akufunsa anthu dzina la mwana wawo. Kachilomboko tili nako tonse, sindibisa. Koma amene chindoko chawafika ku ubongo ndi mayiwa, ndipo adokotala anati sadzabwerera mwakale."

Idah anatembenuka kuti aone mayi wosaukayo amene ankanenedwa. M'munda monsemo munalibe mkazi wina.