Mpata wa M'bokosi

Tikhala anayezanso ndi tepi, ngati kuti tepiyo isintha maganizo. M'mawa, makina atatulutsa mwala pansi, bokosi linali lodzaza. Tsopano pakati pa mzere wachitatu panali mpata woti mkono n'kugonamo. Chosowacho sunali mwala wotuwa uja wopanda ntchito. Unali wakuda, wofewa, womwe kampani inabwerera ku Kadewere kudzaboola m'minda ya anthu: malasha.

A Fortune, katswiri wa miyala, anaima kumbuyo kwake akuyang'ana mpatawo. Maso awowo anamuwotcha kuposa dzuwa la Okutobala. Sikanali koyamba mwala kusowa sabata imeneyo.

Ntchito ya Tikhala inali yosavuta kuifotokoza. Mwala ukatuluka m'chitsulo, wautali ndi wobulungira ngati munsi, ankaugoneka m'bokosi monga momwe unagonera pansi, wapamwamba kumanzere, wapansi kumanja. Ankauthira madzi kuti mtundu uoneke, n'kulemba: apa mchenga, apa dongo, apa malasha, pa mita yakutiyakuti. Chidutswa chimodzi chikasowa, dzenje lonse limanama. A Fortune ananena mosakweza mawu kuti ku labu kokapimitsa miyala sangatumizeko mpata, ndipo ngati kampani ingaboolenso dzenjelo, wina pagululo sadzaliona.

Tikhala anadziwa kuti winayo ndi iye. Digiri analibe. Analowa ngati wotunga madzi, miyala n'kuiphunzira ndi maso, cholembera n'kuchilanda ndi khama. Pagulu lonse, wa m'mudzimo anali iye yekha, ndipo zimenezi ankazibisa ngati chilonda. Mayi ake, a Bibiana, akamabwera ndi chakudya masana, phazi lili pansi opanda nsapato, anawaletsa kufika pamtengo wa mango pomwe antchito ankadyera. Anati azingosiya kambale m'chisakasa cha mabokosi n'kubwerera chakuseri. Mayiwo sanadandaule. N'kuti ali kalikiliki kukonza pakhomo, poti Loweruka kunali chinkhoswe cha mwana wawo yemweyo.

Koma panali Overtone, woyendetsa makina oboolera, mkamwa ngati wailesi. Ankamutcha "adona a miyala", ndipo tsiku lina analengeza pagulu kuti mvula yoyamba sidzawapeza adonawo pantchito. Anthu anaseka. Tikhala anasunga.

Ndiye masana amenewo, akuzungulira kuseri kwa chisakasa, anaona kachibenthu kakuda pafupi ndi mgolo womwe Overtone ankasambira m'manja. Sanafunenso umboni wina. Anakatola, n'kulunjika kumakina komwe kunali Overtone.

"Mwaboola pansi simunakhute, mwayamba kuboola ine?"

Zina zonse anazikhuthula anthu akumva. Anati mwamuna wamkulu ngati ameneyo zikumupweteka kuona mwana wa m'mudzi atagwira cholembera. Anati anthu obwera amafuna eni nthaka azingosenza madzi mpaka imfa. Anati kuba malasha m'bokosi n'kuba mbale ya munthu pakamwa. Overtone anayamba ndi kuseka. Ataona nkhope ya a Fortune, kusekako kunauma. Analumbira kuti m'chisakasamo sanapondemo, ndipo kuda kwa m'manja mwake ndi girisi, aliyense anunkhize.

A Fortune anafunsa Tikhala ngati pali munthu wina amene amalowa m'chisakasa anthu akamadya. Iye anayankha kuti palibe.

Overtone anatembenukira kwa Tikhala. "Palibedi, achemwali?"

"Palibe."

Bamboyo anaponya maso kuseri kwa chisakasa, n'kuwabweza. A Fortune anamuuza kuti asiye chipewa cha kampani, akadikire kunyumba mpaka ku ofesi atamva nkhaniyo. Aliyense ankadziwa kuti wopita kukadikira sabwerako. Overtone anaika chipewacho pamwamba pa mabokosi, anapukuta manja pa ovolosi, n'kutsetsereka ndi kanjira ka m'nandolo osacheuka.

Makina anazima. Tikhala ankayembekeza kuti mtima ukhala m'malo, koma anzake ankayang'ana kumbali akamadutsana naye. Wina anang'ung'udza kuti ana a Overtone ali pasukulu. Tikhala anadziuza kuti chilungamo n'chowawa, ndipo wochifuna asamayembekeze kuomberedwa m'manja. Analowa m'chisakasa, anaika kathabwa pampata paja, n'kulembapo kuti mwala wasowa.

Dzuwa litapendeka anamva mapazi kuseri, chakumgolo. Anali mayi ake, kudzatenga kambale. Anasuzumira kaye ngati pali mabwana, monga anawaphunzitsira, kenako analowa, kathumba kali m'manja. Anadutsa kambale kaja, n'kuwerama pabokosi, akusanthula miyala ndi zala zakuda bii mpaka m'zikhadabo.

"Iwe, yakuda ija yatha?" ananong'ona. "Mtsiro wa kudambo ukumatuwa, koma iyi ukasinja n'kuzira, eee! Khonde latsala mbali imodzi yokha, akuchimuna Loweruka adzadziyang'anirapo nkhope."