Mutu Usapole Tisanafike

"Usamwe!" Lloyd analanda mapilitsi m'manja mwa mlongo wake minibasi ikunyamuka pa Guilleme. "Adokotala anati makina awo ajambule ubongo mutu ukadali kuwawa."

Veronika anaphimba diso lakumanzere, thukuta lili kamukamu. Mutu waching'alang'ala unamugwiranso akukumba mtedza, ndipo apongozi ake kuchitengwa anali atalamula kale: "Odwala nthawi yokolola yokha timawadziwa ife. Abwerere kwawo." Chithunzi cha ubongo wake chojambulidwa ndi anthu a kafukufuku ku Lilongwe ndicho chikanawatseka pakamwa.

"Achimwene, ndikufa ine."

"Pirira, chemwali. Tsegula maso, uyang'ane dzuwa." Ponena izi Lloyd anayang'ana kumbali.

Anamumasula kansalu kamene anamanga kumutu, napempha dalaivala kuti akweze wailesi. Veronika anasanza pawindo, anthu nkumadandaula, kenako anagona tulo paphewa la mchimwene wakeyo.

Atafika ku Lilongwe, pakhomo la chipinda cha makina namwino anafunsa, "Ululu uli bwanji pano, mayi?"

Veronika anayang'ana getsi osatsinzina. Anapukusa mutu uku ndi uku ngati akufunafuna chinthu chotayika.

"Wapola," ananong'ona, nayamba kulira.