Anakhapa Mlamu Wake Chifukwa cha Laputopu

Panali munthu wina ku Chintheche, dzina lake Dingani, amene ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza pakati pa Chintheche ndi Kande. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona yekha ndi maso ake.

Dingani anakwatira Bridget, mlongo wake wa Wallace. Wallaceyo ankagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina, ndipo kunyumba kwake ankasiya laputopu ili chiyakire tsiku lonse pa magetsi a sola. Pagalasi pake pankazungulira chinthu chopotanapotana ngati ukonde wosokonezeka.

Dingani atafunsa, Wallace anamufotokozera kuti mlendo wina pa loji anamuonetsa pulogalamu imene anthu m'mayiko ambiri amaika m'makompyuta awo mongodzipereka. Asayansi ofufuza mapuloteni, tinthu ting'onoting'ono ta m'thupi, amagawa masamu awo m'tizidutswa. Kompyuta iliyonse imawerengera kachidutswa kake n'kukabweza pa intaneti, kuti matenda amvetsetseke ndipo mankhwala apezeke. Wallace anaiika chifukwa mayi awo anamwalira ndi khansa iye akungoyang'ana, wopanda chochita.

"Ndiye amakupatsani chiyani, alamu?" anafunsa Dingani.

"Palibe. Zotsatira zake si zanga, ndipo sindigulitsa. Zimaikidwa poyera kuti wofufuza aliyense azigwiritse ntchito."

Dingani anaseka, koma mumtima sanakhulupirire. Munthu angamathe mabandulo ake chifukwa cha anthu osawadziwa? Anaganiza kuti mlamu wakeyo akudya yekha mobisa.

Masiku omwewo pa Chintheche panafika mwamuna wina wotchedwa Andy, wogula mafoni akale, wolankhula Chichewa cha m'tauni. Palibe ankadziwa kwawo. Dingani atamunyamula pa njinga anamutayira nkhani yonse. Andy anagwedeza mutu n'kunena kuti zinthuzo amazidziwa bwino. Anati zotsatirazo zimasungidwa m'laputopu momwemo, ndipo makampani a mankhwala amazilimbirana. Iye anali ndi wogula ku Mzuzu. Dingani akangobweretsa laputopuyo, kabaza ndiye kuti wasiya mpaka kalekale.

Dingani anauzako mkazi wake. Bridget anamuchenjeza kuti achimwene ake sanamunamizepo chibadwire, ndipo munthu wongofika kumene sangadziwe za m'nyumba mwa eni kuposa eni akewo.

"Bambo a Olive, musandichititse manyazi kwathu," anatero.

Dingani anamuyankha kuti magazi amakoka, n'chifukwa chake akuikira kumbuyo mlongo wake.

Tsiku lina masana, podziwa kuti Wallace ali kuntchito, Dingani anatenga chikwanje n'kukatswa loko wa chitseko cha nyumba ya mlamu wakeyo. Iye akuzula mawaya a laputopu ija, Wallace analowa. Anali atabwera kudzadya. Sanakuwe. Anangogwira laputopuyo mbali ina n'kuuza mlamu wake kuti aike pansi akambirane. Anakokanakokana mpaka tebulo linagwa. Kenako Dingani anakweza chikwanje. Wallace anatchinga ndi dzanja lamanja, ndipo chinadula zala n'kulowa mpaka pafupa. Kachiwiri chinamupeza pamwamba pa khutu. Anagwa chafufumimba, magazi n'kuyenderera mpaka pakhonde.

Mayi wina amene ankayanika chinangwa pafupi anaona Dingani akutuluka malaya ali psuu, n'kuimba mfuu. Dingani analiza njinga mpaka pa siteji, pamene Andy ankamudikira. Andy analandira laputopuyo, n'kumuuza kuti adikire pomwepo, iye akaitane wogula pa foni poduka mphepo. Anazungulira kuseri kwa magolosale, n'kukwera minibasi. Mpaka lero sanaonekenso.

Dingani akadali chiimire, anthu anafika. Panali asodzi, amayi a pamsika, ngakhale anzake a kabaza amene ankadya nawo mbale imodzi. Anamugwetsa ndi njerwa ya pamsana. Nkhafi, mitengo ndi miyala zinamugwera ngati mvula. Anamuthyola miyendo yonse ndi mano akutsogolo. Wina anatsegula thanki ya njinga yake, n'kumuthira petulo m'mutu. Njingayo anaiyatsa iye akuona, ndipo anali akumukokera kumoto komweko pamene apolisi anafika n'kumulanditsa.

Kuchipatala anawagoneka m'chipinda chimodzi, mabedi oyang'anizana. Dingani anali ndi unyolo kudzanja. Wallace anapulumuka, koma madokotala analephera kusunga dzanja lija, analidula pamfundo.

Wapolisi wofufuza mlandu atafunsa chimene chinali m'laputopu, Wallace anayankha movutika kuti munalibe chilichonse chogulitsa. Kachidutswa kalikonse kakatha kankapita nthawi yomweyo. Anamutchulira dzina la tsamba la pa intaneti, wapolisiyo n'kulitsegula pa foni yake. Zinthu zopotanapotana zija zinali pomwepo, zaulere, aliyense n'kutha kuzitenga. Wapolisiyo anatembenuza foni n'kuonetsa Dingani.

Dingani anayang'ana nthawi yaitali, kenako anayamba kulira.

"Alamu," anatero Wallace, "mukanangondiuza kuti mukuzifuna, ndikanakutsegulirani pa foni yanu."

Nthawi yoona odwala itakwana, Bridget analowa ndi kondowole ndi usipa m'kadengu. Anaima pakati pa mabedi awiriwo. Dingani anamuitana ndi dzina. Bridget sanacheuke. Anakhala pa bedi la mlongo wake, n'kusamba m'manja, n'kuyamba kumudyetsa.

Phunziro: Si chilichonse chimene munthu amachitira kuti apindule yekha. Ena amapereka kompyuta, nthawi ndi mphamvu zawo kuti odwala osawadziwa adzachire. Mukapanda kumvetsa chinthu, funsani mwini wake, osati mlendo wa pamsewu amene akukulonjezani chuma. Musasunge nkhaniyi nokha, itumizeni kwa abale ndi m'magulu anu onse wina asanakweze chikwanje pa m'bale wake.